Kudzutsa Commodore 64 m'kati mwa laputopu yanu

Commodore 64 inatuluka mu Ogasiti 1982 ku America pa mtengo wa madola 595. Pakuiona munthu ankangoti ndi kiyibodi yonenepa, koma kompyuta yonse inali m'mimba mwa kiyibodiyo. Munkailumikiza ku TV ya pabalaza, mapulogalamu n'kumawatenga pa kaseti kapena pa disiki yaikulu yopyapyala ija ya mainchi 5¼. Kampani ya Commodore inagwa mu 1994, koma magemu ndi mapulogalamu masauzande ambiri amene anthu analembera makinawa adakalipo, ndipo ena akulembabe atsopano mpaka lero. Kuti muwayendetse sipafunika kupeza makina enieniwo. Pamafunika emulator, pulogalamu imene imatsanzira kompyuta yakaleyo m'kati mwa yatsopano.

Emulator yabwino imatengera chilichonse, ngakhale ulesi ndi makhalidwe oipa a makina akalewo. Imatsanzira purosesa ya MOS 6510 yothamanga pafupifupi 1 MHz, kachipangizo kojambula zithunzi kotchedwa VIC-II, kachipangizo ka nyimbo kotchedwa SID, ndiponso makina owerenga disiki a 1541 ndi kuchedwa kwawo komwe. Ndiye gemu ikakana kuyenda, kawirikawiri emulator imakhala ilibe mlandu. Chimene chasowa ndi zinthu zing'onozing'ono zimene mwana aliyense wa mu 1985 amene anali ndi makinawa ankazidziwa pamtima. Zimenezo ndi zomwe ndichulutsepo mawu pano.

Kupeza ndi kuika VICE

Emulator imene ndikulangizani ndi VICE. Ndi yaulere, ilipo ya Windows, macOS ndi Linux, ndipo laputopu wamba ya kuofesi imaikwanitsa. Itengeni pa tsamba la eni ake a VICE, musatole paliponse pamene Google yakuponyerani. Pa Windows mupeza mitundu iwiri, wa GTK3 ndi wa SDL2. Tengani wa GTK3 chifukwa uli ndi ma menu oti mungodina ndi mouse.

Chimabwera ndi fayilo ya zip, palibe zoti muziika ngati mapulogalamu ena. Imasuleni mu foda yakeyake, lowani mu foda yotchedwa bin, ndipo muona mafayilo angapo a mayina ofananafanana: x128, xvic, xpet, xplus4. Amenewo ndi a makompyuta ena a Commodore. Yanu ndi x64sc. Dinani kawiri.

A Linux amvetsere apa. VICE ya m'nkhokwe za Debian ndi Ubuntu imabwera yopanda ma ROM, omwe ndi timapulogalamu timene tinkakhala m'kati mwa makina enieniwo: KERNAL, BASIC (chinenero cholembera mapulogalamu pa makinawa) ndi ka zilembo. Anawachotsa chifukwa cha nkhani za umwini. Popanda amenewa emulator imangodandaula n'kutseka, choncho muyenera kuwakopera nokha mu foda imene ikuwafunafuna. Amene akufuna ma ROM okhala ndi chilolezo chomveka, kampani ya Cloanto imawapereka m'phukusi lake lotchedwa C64 Forever.

Zikayenda bwino muona sikirini ya buluu yokhala ndi mkombero wa buluu wowalirako, ndi mawu awa:

 **** COMMODORE 64 BASIC V2 **** 
64K RAM SYSTEM 38911 BASIC BYTES FREE
READY.

Pansi pake kabokosi kakuphethira. Kompyuta yadzuka, ikudikira kuti muilamule. Palibe chithunzi choti mudine, zonse n'zolemba.

Yambani mwazolowera kiyibodi

Apa m'pamene ambiri amagwa mphwayi, ndiye musathamangire gemu.

Choyamba, lembani malamulo osagwira Shift. Makinawa akangoyaka, zilembo zimatuluka zikuluzikulu zokha. Mukagwira Shift n'kudina chilembo, m'malo mwa chilembocho pamatuluka kamzere, kamtima kapena kampira. Tsiku langa loyamba ndinatha nthawi ndithu ndikulemba LOAD nditakanikiza Shift monga ndinazolowera, kompyuta n'kumangondiyankha ?SYNTAX ERROR, ine n'kumaganiza kuti ndatsitsa pulogalamu yowonongeka.

Chachiwiri, mabatani a Commodore 64 sanayalidwe ngati a laputopu yanu. VICE ili ndi njira ziwiri zothetsera zimenezi, ndipo mumasankha mu Settings, pa Input devices, pa Keyboard. Njira ya Symbolic imatulutsa chizindikiro chimene chalembedwa pa batani lanu: mukadina nyenyezi, pamatuluka nyenyezi. Njira ya Positional imatsata malo amene batanilo linali pa makina akale, moti chizindikiro cha " chimapezeka pa Shift ndi 2, nyenyezi n'kukhala pa batani la ]. Polemba malamulo Symbolic ndi yosavutitsa. Positional imathandiza pa magemu amene anasankha mabatani potengera kuyandikana kwawo.

Pali mabatani awiri amene laputopu yanu ilibe. RUN/STOP, loimitsira pulogalamu, lili pa Esc. RESTORE lili pa Page Up. Mukagwira Esc n'kudina Page Up, sikirini imayera n'kubwerera pa READY, koma pulogalamu ya BASIC imene munalemba imakhala idakali m'kati.

Yesani kaye izi kuti zala zizolowere. Lembani mzere uwu n'kudina Enter:

POKE 53280,0

Mkombero wa sikirini usanduka wakuda. Nambala 53280 ndi malo a mu memory amene VIC-II amayang'anapo mtundu wa mkombero, 53281 ndi a mtundu wa pakati. Mitundu ilipo 16, kuyambira 0 mpaka 15. Kenako lembani uwu:

10 PRINT CHR$(205.5+RND(1)); : GOTO 10

Dinani Enter, lembani RUN, dinaninso Enter. Sikirini idzaza ndi timizere topendekera uku ndi uku, tolukana ngati mkeka, ndipo sizisiya mpaka mutadina Esc.

Mafayilo ake ndi otani

Disiki kapena kaseti yakale ikakoperedwa pa kompyuta yamakono imasanduka fayilo imodzi, ndipo mathero a dzina lake amakuuzani kuti inali chiyani. Ya .d64 ndi mbali imodzi ya disiki ya 1541. Ya .g64 ndi disikinso, koma yojambulidwa mwatsatanetsatane pamodzi ndi misampha imene opanga magemu ankatchera okopera mwakuba. Ya .tap ndi kaseti yeniyeni monga inkamvekera, pamene .t64 ndi thumba chabe losungiramo mafayilo ochokera pa kaseti. Ya .prg ndi pulogalamu imodzi payokha, ndipo .crt ndi katiriji yobaya kumbuyo kwa makina.

Za bandulo musade nazo nkhawa. Fayilo wamba ya .d64 imakhala ma byte 174,848, kuchepa kuposa chithunzi chimodzi chojambula ndi foni.

Internet Archive ili ndi mulu waukulu wa mapulogalamu a Commodore 64, ndipo ambiri mutha kuwalawa mu browser momwemo musanawatsitse. Tsamba la CSDb limasunga ma demo (timapulogalamu tongoonetsa luso la zithunzi ndi mawu), nyimbo ndi magemu a anthu amene akulemberabe makinawa. Dziwani kuti ukalamba wa gemu suchotsa umwini wake. Ena eni ake anawamasula kuti aliyense atenge, ena akugulitsidwabe, ndipo atsopano ambiri ali pa itch.io pomwe olemba ake amawapereka okha. Tsamba lililonse limene likukupatsani fayilo ya .exe n'kumati ndi gemu ya Commodore 64, litsekeni. Makinawa sankadziwa n'komwe kuti .exe n'chiyani.

Kuyendetsa pulogalamu ya pa disiki

Njira yachidule ndi kukoka fayiloyo ndi mouse n'kuiponya pa windo la VICE, kapena kupita pa File n'kusankha Smart attach. Emulator imalemba yokha malamulo onse n'kuyambitsa pulogalamu yoyamba pa disikiyo. Nthawi zambiri zimatheka. Koma phunziraninso njira yamanja, chifukwa disiki ikakhala ndi magemu asanu, njira yachiduleyo imangokupatsani yoyamba.

Dinani Alt ndi 8, sankhani fayilo ya .d64, ndipo dinani Attach, osati Autostart. Apa mwalowetsa disiki mu drive nambala 8. Nambalayi si yongopeka: pa Commodore chipangizo chilichonse chinali ndi nambala yake, kaseti 1, printer 4, drive yoyamba 8. Tsopano lembani:

LOAD"$",8

Idzati SEARCHING FOR $, kenako LOADING, kenako READY. Lembani LIST. Muona dzina la disiki pamwamba, mayina a mafayilo pansi pake, aliyense ndi nambala ya kukula kwake kumanzere, ndipo pomaliza mawu akuti BLOCKS FREE. Disiki yopanda kanthu imakhala ndi ma block 664. Chenjerani ndi chinthu chimodzi: mndandandawu umalowa mu memory ngati pulogalamu ya BASIC, moti umafufuta chimene munali kulemba. Ngati muli ndi ntchito yanu m'katimo, isungeni kaye.

Mukapeza dzina limene mukufuna, lilembeni ndendende:

LOAD"DZINA",8,1

Kapena, ngati mukufuna fayilo yoyamba pa disiki imene mwangoilowetsa, LOAD"*",8,1. Nyenyeziyo imagwiranso ntchito yofupikitsa dzina, mwachitsanzo LOAD"BOU*",8,1 imatenga fayilo yoyamba imene dzina lake likuyamba ndi BOU.

Ka 1 kakumapetoko anthu amakaiwala, koma n'kofunika. Popanda iko, kompyuta imaika pulogalamuyo pamalo a BASIC. Kakakhalapo, imaiika pamalo amene wolemba wake anasankha mu memory. Magemu ambiri analembedwa m'chinenero cha makina, ndipo akaikidwa pamalo olakwika sayenda. Ikamaliza, ena amayamba okha. Ena amabwerera pa READY, apo lembani RUN. Ochepa amafuna lamulo la SYS ndi nambala, monga SYS 49152, ndipo nambalayo imalembedwa m'malangizo a pulogalamuyo.

Kenako dikirani. Drive ya 1541 inali kompyuta payokha, yokhala ndi purosesa yake ya 6502, koma inkatumiza ma byte pafupifupi 400 okha pa sekondi. Gemu yaikulu inkatha mphindi ziwiri kapena kuposa. Yang'anani pansi pa windo la VICE: pali kanyali ka drive ndi nambala ya track imene ikuwerengedwa. Nambalayo ikamasintha, zinthu zikuyenda. Mukatopa dinani Alt ndi W. Imeneyi ndi warp, imene imamasula emulator kuti ithamange mmene laputopu yanu ingathere. Gemu ikangoyamba dinaninso Alt ndi W, apo ayi muphedwa musanaone n'komwe mdani.

Mu Settings, pa gawo la drive, muli kabokosi kolembedwa True drive emulation. Kasiyeni kali kochongedwa. Ena amakachotsa pofuna liwiro, koma opanga magemu, potopa ndi kuchedwa kwa 1541, ankatumiza timapulogalamu tawo tofulumizitsa m'kati mwa drive momwemo. Drive ikapanda kutsanziridwa yonse, timapulogalamuti timasowa pokhala, gemu n'kuuma pakati panjira, sikirini ili bii.

Magemu aakulu ankabwera pa madisiki angapo kapena mbali ziwiri za disiki imodzi. Ikakuuzani kuti INSERT SIDE B, dinani Alt ndi 8, sankhani fayilo yachiwiriyo ndi Attach, kenako dinani Space kapena batani limene yatchula. Mukalakwitsa n'kudina Autostart, makina amayambiranso ndipo zonse munasewera zapita.

Musadabwe ngati gemu isanayambe mukuona zilembo zovinavina, nyimbo ndi moni wopita kwa magulu a mayina achilendo. Ndi zikwangwani za anyamata amene ankathyola chitetezo cha magemu m'zaka za m'ma 1980. Dinani Space zipite. Ena amafunsanso ngati mukufuna miyoyo yosatha, muyankhe Y kapena N.

Za kaseti

Amene munakulira pa wailesi ya kaseti simuvutika kumvetsa. Lowetsani fayilo ya .tap kudzera pa File, lembani LOAD lokha n'kudina Enter. Kompyuta iti PRESS PLAY ON TAPE. Mabatani a kaseti, Play, Stop ndi Rewind, ali pa kachizindikiro ka tepi pansi pa windo. Mukadina Play sikirini imatsala mtundu umodzi wopanda cholembedwa, ndipo ndi mmene zinkakhalira. Ikapeza pulogalamu imalemba FOUND ndi dzina lake, kenako imapitiriza. Kaseti ndi yochedwa kuposa disiki, ndiye ngati gemu yomweyo ilipo ya .d64, tengani imeneyo.

Joystick ikakana

Gemu yayamba, nyimbo ikulira, koma kamunthu kanu sikakusuntha. Pafupifupi nthawi zonse vuto ndi doko. Commodore 64 inali ndi madoko awiri a joystick, ndipo magemu ambiri a munthu mmodzi amagwiritsa ntchito lachiwiri. Chifukwa chake n'chakuti doko loyamba linkagawana mawaya ndi kiyibodi, moti joystick ikakhala pamenepo n'kugwedezedwa, zilembo zinkangotuluka zokha pa sikirini. Komabe ena anasankha loyamba lomwelo. Dinani Alt ndi J, madoko asinthana.

Zisanafike apo, muyenera kuuza VICE chimene chikhale joystick yanu. Pitani mu Settings, Input devices, Joystick. Ngati muli ndi gamepad ya USB, ilumikizeni musanatsegule emulator ndipo ioneka pa mndandanda. Ngati mulibe, sankhani Numpad: 8 kumwamba, 2 pansi, 4 kumanzere, 6 kumanja, 0 kuombera. Malaputopu ambiri alibe mabatani a manambala akumbaliwo, choncho sankhani Keyset A n'kuika mabatani anuanu. Ine ndimaika mivi inayi ija ndi Ctrl ya kumanja. Musaike zilembo, chifukwa mudzadabwa zikukana kulembeka pamene gemu ikufunsa dzina lanu. Joystick ya nthawi imeneyo inali ndi batani limodzi lokha, ndiye m'magemu ambiri kudumpha ndi kukankhira m'mwamba.

PAL, NTSC ndi mawu a SID

Makina ogulitsidwa ku Ulaya ankatsata ma TV a PAL, ojambula sikirini ka 50 pa sekondi. A ku America ankatsata NTSC, ka 60 pa sekondi. Olemba magemu ankawerengera nthawi potsata TV ya kwawo, ndiye gemu ya ku Britain kapena ku Germany ikaikidwa pa NTSC nyimbo imathamanga, zithunzi n'kumanjenjemera, mwina osayamba n'komwe. Siyani pa PAL, chifukwa magemu ochuluka ndi pafupifupi ma demo onse anachokera ku Ulaya. Sinthani pa Model mu Settings pokhapokha gemu ya ku America ikavuta.

Pomwepo mupezanso posankha SID. Kachipangizoka anakapanga ndi Bob Yannes, ndipo kali ndi mawu atatu okha, koma oimba a nthawi imeneyo ankakafinya mpaka kumveka ngati gulu lathunthu. Kalipo ka mitundu iwiri: 6581 ka m'makina oyamba, ndi 8580 kamene kanadzabwera m'makina a C64C. Mitundu iwiriyi siimveka mofanana. Mawu a munthu ojambulidwa, monga a mu Impossible Mission ya Epyx ya 1984, ankadalira kachilema ka 6581, ndipo pa 8580 amangomveka ngati kunong'ona. Pa magemu akale sankhani 6581.

Chithunzi chikamaoneka chakuthwa kwambiri, timabokosi tili mbee, yatsani CRT emulation pa gawo la Display kapena VIC-II. Ojambula ankadziwa kuti TV yagalasi isakaniza mitundu yoyandikana, ndipo zithunzi zawo zimakongola zikafewetsedwa chotero.

Kusunga

Magemu ambiri akale analibe posungira pamene mwafika, ukafa unkayambira pachiyambi. VICE ili ndi snapshot, pa menu ya dzina lomwelo, imene imajambula makina onse monga alili pa sekondi imeneyo n'kuwaika mu fayilo ya .vsf. Magetsi akathima batire n'kutha, mawa mumangoitsegula n'kupitirira pomwepo. Dziwani kuti snapshot yopangidwa ndi VICE yakale nthawi zina imakana pa yatsopano, ndiye musaidalire posunga ntchito yofunika.

Pa mapulogalamu anuanu a BASIC, pangani disiki yatsopano. Pa File pali Create and attach an empty disk image. Ipatseni dzina, kenako lembani SAVE"MKEKA",8 ndipo kapulogalamu ka timizere kaja kalowa mu fayilo ya .d64 imene mungaikopere pa flash. Mukafuna kusunganso mutasintha zina, gwiritsani dzina lina monga MKEKA2, chifukwa 1541 silola mayina awiri ofanana. Siikuuzani poyera, kanyali ka drive kamangophethira basi. Pomaliza, pa menu ya Preferences dinani Save settings kuti mawa musayambirenso kukonza joystick.

Ngati mwakopeka ndi ZX Spectrum

Mnzake wa Commodore 64 wa ku Britain, ZX Spectrum ya Clive Sinclair, inatuluka mu Epulo 1982, ya 16K pa mapaundi 125 ndi ya 48K pa mapaundi 175. Emulator yake yaulere ndi Fuse. Amstrad, imene inagula makompyuta a Sinclair mu 1986, inalola kuti ma ROM ake azigawidwa ndi ma emulator, choncho pa Windows Fuse imabwera yokonzeka kale. Mafayilo a kaseti ndi .tap ndi .tzx, a snapshot ndi .z80 ndi .sna. Samalani, .tap ya Spectrum siyenda pa VICE ngakhale dzina likufanana.

Mukatsegula fayilo kudzera pa File ndi Open, Fuse imayambitsa yokha. Pamanja pali kamsampha: pa Spectrum ya 48K simulemba LOAD chilembo chimodzichimodzi. Mumadina J kamodzi, liwu lonse la LOAD n'kutuluka. Kenako Symbol Shift, imene pa Fuse ili pa Ctrl, pamodzi ndi P kawiri kuti patuluke "", ndiye Enter. Mkombero uyamba mizere yofiira ndi yobiriwirako, kenako yachikasu ndi yabuluu, kaseti ikulira mokwiyitsa makutu. Gemu ikakufunsani joystick sankhani Kempston n'kuiyatsa mu Options, kapena ingosewerani pa kiyibodi monga ankachitira ana a ku Britain: Q kumwamba, A pansi, O kumanzere, P kumanja.